Matchalitchi Atatu pa Mphambano Imodzi

Anzanga amene tinali limodzi mu Fomu 3 mwina mukukumbukira tsiku limene ndinatchetcha udzu kuseri kwa laibulale masana onse chifukwa cha funso limodzi. Aphunzitsi athu a mbiri anali atalemba pa bolodi mizere iwiri: 1875, Livingstonia, 1876, Blantyre. Ine ndinakweza mkono n'kufunsa kuti, "Pepani aphunzitsi, nanga anthu ochokera m'dziko limodzi, opemphera mofanana, anabweretseranji mishoni ziwiri m'malo mwa imodzi?" Kalasi yonse inafa nacho chiseko, aphunzitsi anayesa kuti ndikuwachita chipongwe, ndipo anandiuza kuti zimenezo sizibwera pa mayeso. Pa mayeso sizinabweredi. Koma funso lija silinandichoke, ndipo yankho lake ndinakalitola patapita zaka zambiri, poyendayenda masiku a Loweruka ndi Lamulungu pamene ndinali pa maphunziro mumzinda wa Glasgow ku Scotland kuyambira 1996 mpaka 1999. Mkonzi wa kalata yathuyi atandipempha kuti ndilembeko za moyo wakunja, ndinaona kuti mpata wobwezera ngongole imeneyi wapezeka. Anzathu a Chikatolika, a Anglican ndi a Chisilamu mundikhululukire poti nkhaniyi yatsamira ku CCAP, komabe mizinda ndi masukulu amene ikutchula ndi athu tonse.

Ndinafika ku Glasgow mu Sepitembala, ndipo Lamulungu loyamba ndinavala suti yanga n'kutuluka kukafuna kopemphera. Sindinayende mtunda wautali. Pa mphambano ina pafupi ndi pamene ndinkakhala panali matchalitchi atatu a miyala, oyang'anizana, lililonse ndi nsanja yake. Mumtima ndinati anthu a kuno ndi opemphera zedi. Ndinayamba ndi lalikulu, koma pakhomo pake ndinapeza chikwangwani cha mitengo ya makapeti. Lachiwiri anali ataligawa zipinda, m'mawindo muli makatani, anthu akukhalamo ngati nyumba. Lachitatu ndilo linali ndi chitseko chotsekula ndiponso bambo wogawa mabuku a nyimbo.

M'kati munali mabenchi okwana anthu mazana ambiri, koma amene tinakhalapo sitinapitirire 60, ndipo ambiri anali a imvi. Aliyense anakhala patali ndi mnzake ngati anayambana. Amene anakwera pa gome anali mbusa wachizimayi, chinthu chimene ine ndinali ndisanachionepo, pamene kumeneko amayi analoledwa ubusa kuyambira 1968. Mapemphero anayamba 11 koloko yeniyeni n'kutha 12 koloko yeniyeni, popanda kwaya ya Mvano, popanda zolengeza za ola lathunthu, popanda kuimiritsa mlendo kuti aonedwe. Chokhacho chimene chinandilandira ndi nyimbo. Limba litayamba kulira ndinazindikira maimbidwe omwe aja a m'buku la Nyimbo za Mulungu amene tinkaimba m'holo ya sukulu m'mawa uliwonse, ndipo ndinaimba chapansipansi m'Chichewa, misozi ili lengelenge.

Titatuluka onse analowa m'holo kukamwa tiyi, ndipo kumeneko anthu ouma aja anasanduka ena. Mayi wina wa zaka zoposa 80, mkulu wa mpingo, anandigwira dzanja. "Mwana wanga, kwanu n'kuti?" Nditayankha kuti ku Malawi, nkhope yawo inawala. "Nyasaland!" Anandifotokozera kuti ali mtsikana ankasonkha makobili ku Sande sukulu othandizira kupulumutsa nyumba imene Livingstone anabadwiramo kuti isagwetsedwe. Tsono ndinawafunsa za matchalitchi atatu aja. Anaseka nati, "Ili ndi la Church of Scotland, ilo linali la Free Church, linalo la United Presbyterian. Agogo athu ankapambana pa mphambanopo osapatsana moni. Ukafuna kudziwa pamene zinayambira, kwera sitima upite ku Edinburgh, ukafunse msewu wa George Street." Ndinangoti kukamwa yasa, pakuti mayina awiri oyambawo ndinawadziwa. Blantyre inali mishoni ya Church of Scotland, Livingstonia ya Free Church.

Loweruka lotsatira ndinakwera sitima pa siteshoni ya Queen Street, ndipo ola lisanathe ndinali ku Edinburgh. Potuluka pa siteshoni ya Waverley munthu amakumana ndi chiboliboli cha Livingstone m'munda wa maluwa wa Princes Street. Alendo anzanga onse anakwera chitunda kulunjika ku linga la mafumu akale, ine ndekha n'kulowera kwina. Tchalitchi limene ndinkafuna, lomwe nthawi ya mkangano linkatchedwa St Andrew's, si lalikulu ayi, ndipo m'kati mwake ndi mozungulira ngati dzira. Munthu wosadziwa akhoza kungolidutsa.

Nkhani yake inali yotere. Kuyambira 1712 lamulo la boma linkapatsa eni malo olemera mphamvu yosankhira mpingo mbusa. Mwini esiteti ndiye ankaloza munthu woti azilalikira, akhristu n'kumangolandira. Tangoganizani mwini esiteti ya tiyi ku Thyolo akusankhira mpingo woyandikana naye abusa. Anthu anang'ung'udza kwa zaka zoposa 100, ena n'kumachoka m'timagulu. Mu 1834 Msonkhano Waukulu wa mpingo unagamula kuti mbusa amene mabanja ambiri amukana asakakamizidwe pa iwo. Chaka chomwecho ku Auchterarder mwini malo analoza munthu wake. Anthu awiri okha ndiwo anasayina kalata yomuitana, pamene mitu ya mabanja pafupifupi 300 inamukana. Munthuyo anakasuma kukhoti napambana, ndipo mu 1839 bwalo lalikulu la House of Lords ku London linagwirizana naye. Oweruza anati mpingo wokhazikitsidwa ndi lamulo la dziko sungasinthe lamulolo pawokha. Apa nkhani inakula. Sinalinso ya mbusa mmodzi ayi, inasanduka funso lakuti mwini mpingo ndani, boma kapena Khristu.

Pa 18 Meyi 1843 Msonkhano Waukulu unakumana m'tchalitchi lozungulira lija. Mtsogoleri wake, David Welsh, anawerenga chikalata chotsutsa, nachisiya pa tebulo, natuluka. Pambuyo pake panatsata Thomas Chalmers, mlaliki wotchuka kopambana wa nthawi imeneyo, kenaka abusa ndi akulu a mpingo ali ndondondo, kutsetsereka mpaka ku holo ya Tanfield, khamu la anthu litadzaza mbali zonse za msewu. Pomaliza abusa oposa 450 mwa abusa pafupifupi 1,200 anasayina kuti achoka, ndipo Free Church inabadwa, Chalmers ali mtsogoleri wake woyamba.

Ndinayenda njira yomweyo wapansi, kutsika Hanover Street ndi Dundas Street mpaka ku Canonmills. Ndi ulendo wa mphindi ngati 20 basi. Poyendapo ndinkawerenga zimene aliyense wa anthu aja anasiya: malipiro, nyumba ya ubusa, munda, sukulu ya ana ake. Ambiri anali ndi mabanja ndipo sankadziwa kuti mwezi wa mawa adzagona kuti. Ine amene ndinkaopa ngakhale kufunsa bwana wanga za tchuthi ndinachita manyazi. Chalmers anawerengera kuti mkhristu aliyense atamapereka kobili limodzi pa mlungu, n'kuika zonse m'thumba limodzi, abusa onse akhoza kulandira mofanana, wa m'tauni ndi wa kumudzi. Zinathekadi, ndipo pofika 1847 anali atamanga matchalitchi oposa 700, ambiri a iwo pafupi penipeni ndi tchalitchi lakale. Kumene eni malo anakaniza malo, anthu ankapemphera pamtetete, chisanu chili tho. Ku Strontian anachita kugula tchalitchi lachitsulo loyandama, nalimangirira pa nyanja ya Loch Sunart mu 1846, akhristu n'kumapitako pa ngalawa. Amati kuchuluka kwa anthu pa Sabata ankakuyeza poona m'mene tchalitchilo lamirira m'madzi.

Ndisawayeretse kwambiri. Pofunafuna ndalama zomangira, Free Church inatuma nthumwi ku America ndipo inalandirako mapaundi pafupifupi 3,000, ena ochokera ku mipingo ya eni akapolo. Mu 1846 Frederick Douglass, amene iye mwini anathawa ukapolo, anayendayenda m'mizinda ya Scotland kuuza mpingowo kuti ubweze ndalamazo. Sunabweze. Mpingo womwewo ndi umene patapita zaka 30 unatumiza anthu kudzalimbana ndi malonda a akapolo pa nyanja yathu. Nkhani ziwirizi ndi zoona zonse, ndipo ine sindinapeze njira yoti imodzi ifafanize inzake.

Tchalitchi lachitatu la pa mphambano lija, la United Presbyterian, linachokera ku timagulu tija tinachoka kale mu 1733 ndi 1761, makamaka pa nkhani yomweyi ya eni malo, timene tinaphatikizana mu 1847. Motero dziko laling'ono, la anthu ochepa, linakhala ndi mipingo ikuluikulu itatu ya chiphunzitso chofanana, uliwonse ndi sukulu yake ya ubusa ndi komiti yake ya mishoni.

Tsopano onani chaka cha 1874. Pa 18 Epulo mtembo wa Livingstone unaikidwa ku Westminster Abbey. Mwezi wotsatira James Stewart wa ku Lovedale anapempha Msonkhano Waukulu wa Free Church kuti ukhazikitse mishoni yomukumbukira pa nyanja ya Nyasa, yotchedwa Livingstonia, ndipo amalonda olemera a ku Glasgow anapereka ndalama. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo inathetsa lamulo lija la eni malo. Chimene anayambanirana chinatha mishoni isanafike kwathu. Koma paja ndewu ya pachibale imapitirira ngakhale mbuzi imene ankalimbirana itafa. Zaka 31 zinali zitapita, aliyense anali ndi nyumba zake ndi ulemu wake, ndipo Church of Scotland sikanalola kuti Free Church yokha inyamule dzina la Livingstone. Nayonso inaganiza zotumiza mishoni yake.

Chimene chinandiseketsa ndekha m'sitima pobwerera ndi ichi: pa kasitima ka Ilala, kamene kanalowa m'nyanja yathu pa 12 Okotobala 1875, matchalitchi atatu onse a pa mphambano paja analimo. Ulendo unali wa Free Church, wotsogozedwa ndi E.D. Young. Dotolo wake, Robert Laws, mwana wa kalipentala wa ku Aberdeen, anali wa United Presbyterian, anachita kumubwereka. Ndipo Henry Henderson anali wa Church of Scotland, anakwera nawo kuti akafunire mpingo wake malo. Kwawo sankadyera mgonero pamodzi, koma pa Shire anadyera mbale imodzi. Kasitimako kanafika pa nyanja chifukwa anthu athu mazanamazana anakasenza m'zidutswa pamutu kulambalala mathithi a Shire. A Free Church anayamba pa Cape Maclear, malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndi ku Khondowe mu 1894. Henderson, akuyenda ndi womasulira wake Tom Bokwito, anasankha malo m'dera la mfumu Kapeni munsi mwa Ndirande, ndipo mu Okotobala 1876 anzake anafika natcha malowo Blantyre. Mizere iwiri ya pa bolodi ija yankho lake ndi limeneli.

Ku Blantyre weniweniyo ndinachedwa kupitako, ngakhale kuti ndi pafupi, mphindi ngati 20 pa sitima kuchokera ku Glasgow Central. Kunena zoona ndinkaopa kukhumudwa, ndipo ndinakhumudwadi pang'ono. Ine wokulira ku Blantyre wa Victoria Avenue ndi Ginnery Corner ndinatsikira pa kasiteshoni kopanda ngakhale wogulitsa nthochi. Ndi katauni ka anthu wamba, kamene kanadalira fakitale ya thonje, kenaka migodi ya malasha, ndipo zonsezo zinatsekedwa kalekale. Mu Okotobala 1877, chaka chimodzi Blantyre wathu atakhazikitsidwa, mgodi unaphulika kumeneko n'kupha anthu oposa 200, ena a iwo ana.

Kutsika pang'ono cha ku mtsinje wa Clyde kuli nyumba yoyera yosanja yotchedwa Shuttle Row, imene makobili a mayi aja anathandiza kupulumutsa, ndipo inatsekulidwa ngati malo achikumbutso mu 1929. Munkakhala mabanja 24, banja lililonse chipinda chimodzi. M'chipinda chimodzi mwa izo ndi m'mene David Livingstone anabadwira pa 19 Malichi 1813. Ndinaima pakhomo pake nthawi yaitali. Chipindacho n'chaching'ono kuposa kachipinda ka mapulifekiti ku hositelo yathu. Mabedi ndi olowa m'khoma, ena okankhira kunsi masana, ndipo m'menemo ndi mophikira, modyera, mogona makolo ndi ana onse. Ali ndi zaka 10 analowa ntchito yolumikiza ulusi woduka m'fakitale, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, akatero n'kukakhala m'kalasi maola ena awiri. Thonje lambiri la m'mafakitale a nthawi imeneyo linkalimidwa ndi akapolo kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Kusukulu tinkamuona pa chithunzi atavala kapusi, ngati bwana wobadwira m'chuma. Palibe anatiuza kuti anali mwana waganyu. Tikanadziwa, ena a ife amene tinkalipira fizi ndi ndalama ya ganyu wa tchuthi tikanamumva mwina.

Kumeneko ndinaphunziranso chimene chinamaliza kundisokoneza. Livingstone sanali wa mpingo uliwonse mwa itatu ija. Bambo wake, Neil, anachoka mu Church of Scotland n'kulowa kampingo kodziimira pakokha ku Hamilton, mwana wawo n'kuwatsata, ndipo amene anamutumiza ku Africa mu 1840 ndi bungwe la London Missionary Society. Mipingo imene inkapikisana pa dzina lake inkalimbirana mwana wa eni.

Pa zithunzi za m'nyumbamo maso anga anakakamira pa James Chuma ndi Abdullah Susi. Chuma anali Myao, anamasulidwa m'manja mwa ogula akapolo ali mnyamata m'mapiri a Shire mu 1861. Livingstone atamwalira kwa Chitambo m'Zambia mu Meyi 1873, awiriwa ndi anzawo anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, naumitsa mtembo, nausenza ulendo wa miyezi pafupifupi 9 mpaka ku Bagamoyo. Pa maliro ku London iwo panalibe. Munthu wakuda amene ananyamula nawo bokosi anali Jacob Wainwright yekha. Chuma ndi Susi anafika maliro atapita, pa ndalama za James Young, mnzake wa Livingstone wolemera ndi malonda a palafini, ndipo anathandiza kulongosola nkhani ya masiku otsiriza a ulendowo. Masiku amenewo ndinkayenda ndi Livingstone m'thumba, pakuti nkhope yake inali pa ndalama ya mapaundi 10 ya Clydesdale Bank mpaka 1998. Ya Chuma sindinaione pa ndalama iliyonse. Nyumbayo anaikonzanso n'kuitsekula mu 2021, ndipo tsopano nkhani ya anthu a ku Africa amene ankayenda naye yapatsidwa malo aakulu.

Lamulungu lotsatira ndinawasimbira mayi aja zonsezi, n'kuwafunsa kuti nanga mkangano unatha liti. Anati Free Church ndi United Presbyterian anaphatikizana mu 1900, kupatula kagulu kochepa kamene kanakana ndipo kalipo mpaka lero, ndiye mu 1929 ambiri a iwo anabwererana ndi Church of Scotland. N'chifukwa chake pa mphambano paja matchalitchi awiri anatsala opanda ntchito. Ndinawerenga zala n'kunena kuti, "Ndiye kuti ife tinakutsogolerani, amayi." Sanamvetse. Ndinawafotokozera kuti Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana kupanga CCAP mu 1924, Laws ali mtsogoleri woyamba, ndipo zikanachitika msanga pakanapanda nkhondo ya 1914. Nkhoma, imene inayambitsidwa ndi a Dutch Reformed a ku South Africa pa Mvera mu 1889, inalowa mu 1926. Nthawi imeneyo tinali kale ndi abusa athu: Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa mu 1911, Yesaya Zerenje Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya mu 1914. Kwa anthu ngati amenewa mlandu wa ku Auchterarder unalibe tanthauzo. Mayi aja anaika kapu pansi nati, "Ana anagwirizana makolo akukanganabe." Kenaka anaitana anzawo kuti ndibwerezenso, ndipo kuyambira tsikulo sindinakhalenso ndekha pa benchi. Anandiika pa mndandanda wa owerenga mawu ndi wa otsuka makapu, ndipo mgonero ukayandikira mayiwo ankafika pakhomo panga ndi khadi, monga amachitira akulu a mpingo kwathu.

Ulendo wautali kopambana unali wa ku chilumba cha Iona, m'chilimwe cha 1998, pamodzi ndi anzanga awiri a ku Ghana ndi ku Kenya. Munthu amakwera sitima mpaka ku Oban, chombo mpaka ku chilumba cha Mull, basi kudutsa Mull yense pa kamsewu kopapatiza kodzaza nkhosa, kenaka kachombo kakang'ono. Pobwerera tinachedwa kujambulana zithunzi, basi yotsiriza n'kutisiya, ndipo tinagona kwa mayi wina wa malo ogona alendo amene anatidya theka la ndalama zathu za mwezi. Pafupi ndi Mull pali kachilumba ka Ulva, kumene agogo a Livingstone anachokera mu 1792 kupita kukafuna ntchito ku fakitale ija. Ku Iona ndi kumene Columba anakocheza mu 563 kuchokera ku Ireland, kubweretsa Chikhristu kwa mitundu ya kumeneko. Mnzanga wa ku Ghana anaseka nati, "Kani nawonso anachita kulalikiridwa ndi alendo a pa bwato?"

Nyumba za amonke za pachilumbapo zinali mabwinja mpaka mbusa George MacLeod wa ku Govan, dera la osauka la Glasgow, anayamba kuzimanganso mu 1938 pogwiritsa ntchito amisiri osowa ntchito ndi abusa achinyamata. Dzina limeneli liyenera kudziwika kwathu. Boma la atsamunda litalengeza lamulo ladzidzidzi pa 3 Malichi 1959 n'kutsekera Dr Banda ndi anthu mazanamazana, MacLeod ndiye anaima pa Msonkhano Waukulu wa Church of Scotland chaka chomwecho kulankhulira anthu a ku Nyasaland ndi kutsutsa chitaganya cha Welensky, ndipo msonkhano unamuvomereza. Nthawi imeneyo mpingowo unali ndi mamembala oposa 1,300,000, ndipo boma la ku London silikanatha kungoutaya mawu ake. Ine ndimakhulupirira kuti ukanakhala udakali m'zidutswa zitatu, mawuwo sakanalemera chotero.

Koma chiwerengero chimenecho chinali pachimake. Pofika 2021 mamembala a Church of Scotland anali osakwana 300,000, ndipo pa kalembera wa 2022 anthu oposa theka a m'Scotland ananena kuti alibe chipembedzo. Mpingowo wakhala ukuphatikiza mipingo ndi kugulitsa matchalitchi ambirimbiri. Sindinena kuti mkangano wa 1843 ndiwo unachititsa zimenezi, pakuti zifukwa zake n'zambiri ndipo maiko ena a ku Ulaya amene sanagawanike chotero nawonso matchalitchi ali pululu. Chimene mkanganowo unasiya ndi nyumba zochuluka kuposa anthu, denga lililonse lofuna ndalama zake. Ubale wa maiko awiriwa sunathe ayi. Mu 2005 Jack McConnell ndi Bingu wa Mutharika anasayinirana pangano la mgwirizano, ndipo masukulu, zipatala ndi mipingo yambiri ya kuno ili ndi anzawo kumeneko.

Chimene chimandidetsa nkhawa chili kwathu konkuno. CCAP inakwanitsa zaka 100 mu 2024, ili ndi masinodi asanu kuphatikizapo a Harare ndi Zambia, ndipo matchalitchi ake ndi odzaza mpaka anthu kukhala panja. Koma kuyambira zaka za m'ma 2000, nkhani ya malire itavuta, Sinodi ya Livingstonia ndi ya Nkhoma zakhala zikutsekula mipingo m'dera la inzake. Sindine woweruza, ndipo ndikudziwa kuti mbali iliyonse ili ndi zifukwa zake, makamaka pa nkhani ya chilankhulo. Anthu a mu 1843 nawonso anali ndi zifukwa, ndipo zawo zinali zolemera ndithu. Komabe ndikadutsa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu n'kuona zikwangwani ziwiri za CCAP motalikirana pang'ono, chilichonse ndi dzina la sinodi yake m'munsi, maso anga amaona mitengo ya makapeti.

Mayi aja anamwalira patapita zaka zochepa ine nditabwerera kumudzi. Pa Lamulungu langa lotsiriza, mu 1999, anandipatsa kachitsulo kakang'ono ka mtovu, kokhala ngati kobili, kamene agogo awo ankaonetsa pakhomo kuti aloledwe ku mgonero makhadi asanayambe. Mbali imodzi panalembedwa Free Church, ndi chaka cha 1843. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, simungasiyire adzukulu anu?" Anati adzukulu awo sakudziwa kuti n'chiyani. Mu 2023 mwana wa mmodzi mwa anzanga otsuka nawo makapu anandilembera kuti mpingo uja auphatikiza ndi wina wa kutsidya kwa mtsinje, ndipo tchalitchi lachitatu la pa mphambano nalo aliikira chikwangwani chogulitsa. Kachitsulo kaja ndidzabwera nako ku msonkhano wathu wa pachaka, ndipo ngati pali amene akudziwa kumene kuli banja la aphunzitsi athu a mbiri aja, chonde adzere kwa mkonzi, ndikufuna kuwatumizira kalatayi.